Tisathamangire kugula turbo yatsopano galimoto ikafooka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi eni magalimoto a dizilo oyenda m'njira zovuta, aja okoka ndi matayala onse anayi, komanso ndi amakaniko amene amawakonza. Pali chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa. Galimoto ikangoyamba kulemera pa mtunda kapena kufuka utsi wakuda, mlandu umafulumira kugwera turbo, ndipo mwini wake amauzidwa kuti agule ina pasanayezedwe kalikonse. Nthawi zambiri turboyo imakhala ilibe vuto, ndipo ngakhale pamene yawonongekadi, pamakhala china chimene chaiwononga, chomwe chikasiyidwa chimadzaphanso yatsopanoyo.

Tikumbutsane kaye mmene chipangizochi chimagwirira ntchito. Luso lake ndi lakale ndithu, pakuti Alfred Büchi wa ku Switzerland analilembetsa mu 1905. Utsi wotentha wotuluka mu injini umazunguza gudumu la timapiko kumbali ya ekizozi, ndipo gudumulo lili pa shafiti imodzi ndi linzake limene limakoka mpweya kuchokera ku fyuluta n'kuupanikizira mu injini. Mpweya ukachuluka, injini imatha kuwotcha dizilo wambiri, mphamvu n'kuwonjezeka. Shafitiyo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo m'maturbo ang'onoang'ono amakono imapitirira 200,000. Pa liwiro lotere chitsulo sichiyenera kukhudzana ndi chitsulo chinzake, choncho shafiti imayandama pa oyilo wochokera mu injini momwemo. Moyo wa turbo wagona pa oyilo woyera ndi mpweya wopanda fumbi, ndipo ziwirizi n'zimene zimavuta kusunga pa galimoto yokhalira kuyenda m'fumbi, m'matope ndi kuwoloka mitsinje.

Kufooka kwa galimoto kuli ndi magwero ambiri, ndipo n'kwanzeru kuyamba ndi zosavuta. Fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi imabanikitsa injini, moti turbo yabwinobwino imasowa mpweya woti ipanikize. Fyuluta ya dizilo yotsekeka imalola galimoto kuyenda bwino pamalo athyathyathya, koma imaichititsa kutsamwa pa mtunda pamene ikufuna mafuta ambiri. Mabuleki ogwira chifukwa cha matope ouma, kilatchi yoterereka, ngakhalenso matayala aakulu kuposa oyenera, zonsezi zimapatsa dalaivala maganizo oti injini yatha mphamvu.

Malo amene ndimaona kuti amanyalanyazidwa kwambiri ndi mapaipi a pakati pa turbo, intercooler (chipangizo choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) ndi injini. Mpweya wodutsa mmenemo umakhala wopanikizika, m'magalimoto ambiri pafupifupi bar imodzi (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) kapena kupitirirapo poyerekeza ndi mpweya wakunja, ndipo umathawira pa kabowo kalikonse kamene waupeza. Paipi ya labala imatha kung'ambika kunsi kumene diso silifika, mng'aluwo n'kumatseguka pokhapokha injini ikamakoka, galimoto ikaima n'kutsekekanso ngati palibe kanthu. Chimene chimaulula ndi phokoso la mpweya wothawa munthu akaponda moto, utsi wakuda, ndi kamalo konyowa ndi oyilo pamene fumbi lamatirira. Intercooler nayo imabooka ndi miyala, ndipo timipata take tikatsekeka ndi matope mpweya umafika mu injini uli wotentha. Makaniko wosamala amatseka mapaipiwo, kupopamo mpweya pang'ono, n'kuwaza madzi a sopo m'malo olumikizira kuti aone pamene pakutuluka thovu. Ntchito imeneyi sitenga nthawi, koma yapulumutsa maturbo ambiri amene akanachotsedwa popanda chifukwa.

Mtundu wa utsi umathandiza, koma suyenera kukhala umboni wokhawo. Utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya, kaya chifukwa mpweya ukuchepa kapena manozo akuthira mafuta mosayenera. Utsi wobiriwira ngati mtambo, wonunkha oyilo, umasonyeza kuti oyilo akupsa, koma oyiloyo akhoza kuchokera ku turbo kapena ku maring'i a mapisitoni. Utsi woyera wosatha injini itatentha kale umaloza ku dizilo wosapsa bwino kapena ku madzi olowa m'masilinda, ndipo pamenepa turbo siyoyamba kuganiziridwa.

Njira yodalirika ndiyo kuyeza mphamvu ya mpweya umene turbo ikupanikiza, pogwiritsa ntchito geji kapena makina owerengera kompyuta ya galimoto. Kuyezaku kuchitike galimoto ikuyenda ndiponso ikukoka pa mtunda, chifukwa kuponda moto itaima sikuipatsa turbo utsi wokwanira kuti ionetse mphamvu zake. Zotsatira ziyerekezedwe ndi zimene wopanga injiniyo analemba. Pa magalimoto amakono kompyuta imasunga manambala a zovuta: P0299 imanena kuti mpweya wachepa, pamene P0234 imanena kuti wapitirira muyeso. Apa ndipemphe amakaniko anzeru kuti asamawerenge nambala ngati chigamulo. P0299 siinena kuti turbo yafa. Imatha kubwera chifukwa cha paipi yong'ambika ija, sensa yokutidwa ndi mwaye, valavu ya EGR (yobwezera utsi wina mu injini) yokanirira yotseguka, kapena kapaipi kakang'ono koyendetsa wastegate kamene kathetheka. Wastegate ndi kachitseko kolambalalitsa utsi mpweya ukakwana, ndipo kakakanirira kotseguka turbo singafike pa liwiro lake. Ekizozi yophwanyika pa mwala, DPF (fyuluta yogwira mwaye mu ekizozi) yodzaza, kapena mng'alu pa manifodi (mapaipi osonkhanitsa utsi wochokera m'masilinda) utsi usanafike ku turbo, nazonso zimafooketsa galimoto mofananamo, ndipo mng'aluwo umadziwika ndi mzere wa mwaye pambali pake.

Injini zambiri zatsopano zili ndi turbo ya timapiko tosunthasuntha kumbali ya ekizozi, timene timachepetsa kapena kukulitsa njira ya utsi malinga ndi liwiro la injini. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali, monga zimakhalira m'njira za miyala, mwaye umaunjikana ndipo timapikoto timakanirira. Zikatero mpweya umapitirira muyeso, kompyuta n'kudula mphamvu mwadala pofuna kuteteza injini. Dalaivala amaona galimoto itafooka mwadzidzidzi pakati pa mtunda, koma akazimitsa ndi kulizanso mphamvu imabwerera kwa kanthawi. Turbo yotere kawirikawiri imangofunika kutsukidwa ndi kuona ngati chotokosera timapikoto chikuyenda bwino.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, m'pamene turbo yeniyeniyo iyenera kuonedwa. Injini ikhale yozima ndi yozizira. Chotsani paipi yochokera ku fyuluta, muunike ndi tochi, muone timapiko ta gudumu ngati tili tathunthu, takuthwa m'mbali ndi tosapindika. Zunguzani shafiti ndi zala. Iyenera kuyenda mofewa, osakhula paliponse. Kenaka igwedezeni. Kugwedera pang'ono cha m'mbali si vuto, chifukwa injini ikazima oyilo woyandamitsa shafiti uja amakhala palibe, ndipo anthu ambiri amataya turbo yabwino pa chifukwa chimenechi. Chofunika n'chakuti gudumu lisakhudze chikombole chake. Koma mukaikoka ndi kuikankha motsata utali wake, kugwederako kusamveke m'zala, pakuti mpata wololedwa pamenepo nthawi zambiri supitirira 0.1 mm. Mikwingwirima yowala m'kati mwa chikombole, pamodzi ndi kulira ngati sairini kumene kumakwera ndi liwiro la injini, ndi umboni wokwanira wakuti mabering'i adyeka.

Nkhani ya oyilo wopezeka m'mapaipi imafunika kuiganizira modekha. Kunyowa pang'ono n'kwachibadwa, chifukwa nthunzi ya oyilo yochokera m'mimba mwa injini imalowetsedwa m'paipi yobweretsa mpweya kuchokera ku fyuluta kupita ku turbo. Oyilo wochita kudikha mu intercooler ndiye wodetsa nkhawa, komabe ngakhale pamenepo turbo ikhoza kukhala yosalakwa. Zotsekera za pa shafiti ndi timaring'i tachitsulo, ndipo timagwira ntchito bwino pokhapokha oyilo akamatsika momasuka kubwerera pansi pa injini. Paipi yobwezera oyilo ikatsekeka, oyilo akathiridwa mopyola muyeso, kapena maring'i a mapisitoni akatha n'kumadzaza mpweya m'mimba mwa injini, oyilo amasowa kolowera n'kuyamba kudutsa m'timaring'ito. Vutoli lisachedwetsedwe, chifukwa injini ya dizilo imatha kuyamba kuwotcha oyilo wake ngati mafuta, n'kuthamanga mosalamulirika ngakhale kiyi atazimitsidwa. Zikatero chimene chingaiimitse ndi kutseka mpweya wolowa, kapena kuikanikiza m'giya yapamwamba mabuleki ali opondedwa ngati ndi galimoto ya kilatchi.

Turbo ikapezeka kuti yafadi, funso lalikulu limakhala lakuti chaipha n'chiyani, ndipo yankho limalembedwa pa turbo yakaleyo. Timapiko tobuntha ngati topalidwa ndi mchenga timasonyeza kuti fumbi likulowa penapake, kaya pa chivindikiro cha bokosi la fyuluta, polumikizira snorkel (paipi yokokera mpweya kuchokera pamwamba pa galimoto), kapena pa fyuluta imene yabooka chifukwa chopemereredwa ndi mpweya wa kompulesa m'malo moisintha. Timapiko tobenthuka timasonyeza kuti munalowa kanthu kolimba. Shafiti yosintha mtundu chifukwa cha kutentha imasonyeza kuti oyilo sankafika, yokandikakandika imasonyeza oyilo wakuda, ndipo makala ouma m'kati amasonyeza kuti injini inkazimitsidwa turbo ikadali yotentha kwambiri. Mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuti aonetsedwe zimenezi asanalipire.

Pomanga yatsopano, oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe, paipi yobweretsa oyilo isinthidwe kapena itsukidwe bwino, ndipo intercooler ikhuthulidwe kuti musatsale oyilo kapena tizidutswa ta timapiko. Phala lomatira magasiketi lisapakidwe pa njira za oyilo, chifukwa kachidutswa kake kakhoza kutseka kabowo kodyetsa mabering'i. M'turbomo muthiridwe oyilo woyera injini isanalizidwe, ndipo ikalira isiyidwe mphindi zingapo osaponda moto. Kwa oyendetsa, injini ikangolira m'mawa isathamangitsidwe oyilo asanafike paliponse, ndipo mukatha kukwera mtunda wautali kapena kukoka katundu, muisiye ilire yokha mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Mabuku a opanga magalimoto amalamula kusintha oyilo ndi fyuluta ya mpweya msanga kuposa nthawi zonse galimoto ikamagwira ntchito m'fumbi, ndipo ndondomeko imeneyo ndi imene eni magalimotowa ayenera kutsata.

Ine wanu,
Mwerengi wokonda za injini za dizilo