Inu amene mwabisa nthano za ana m'makope, zitulutseni

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anthu amene analemba nthano za ana koma akuchita manyazi kuzionetsa. Kuno ku Mzuzu alipo ambiri. Ena ndimapemphera nawo, ena ndi aphunzitsi anzanga, ndipo akamva kuti ndimaphunzitsa sukulu ya mkaka ku Chibavi amandikokera pambali n'kunena kuti, "Mayi, inenso ndinalembako kenakake ka ana, koma n'kachibwana." Mawu amenewa amandipweteka mumtima, chifukwa tsiku lililonse ndimakhala ndi ana omwe akusowa kanthu komweko.

Mabuku a zithunzi omwe tili nawo pasukulu pathu ambiri ndi mphatso zochokera kunja. Timathokoza, ndipo ana amawakonda. Koma muli chipale chofewa, zimbalangondo ndi nyumba zomwe sanazionepo. Mwana wa zaka zinayi amafunanso aone m'buku njinga ya kabaza, yomwe kuno timati sakaramento, ikukwera mtunda itanyamula mayi ndi dengu lake, nkhungu ya m'mawa wa mu June, nthochi za ku Nkhata Bay pamsika, galimoto la matabwa lochokera ku Chikangawa. Amafuna amve kuti mwana wa m'bukumo dzina lake ndi Wongani kapena Tawonga ngati iyeyo. Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 adziwe kuwerenga, ndipo n'zabwino ndithu. Komabe mwana amafunika afike ku Sitandade 1 atakonda kale buku, ndipo chikondi chimenecho chimayambira pa kabuku kamene wamkulu amamuwerengera atamukhazika pamiyendo.

Tsono kwa inu amene mukufuna kulemba, nazi zomwe ndaona zikugwira ntchito.

Buku la zithunzi nthawi zambiri limakhala ndi masamba 32. Osindikiza amaika masamba angapo papepala limodzi lalikulu n'kulipinda, n'chifukwa chake masamba amayenda m'magulu a 8 kapena 16. Mukachotsa tsamba la mutu ndi la zaumwini, nthano yanu imatsala ndi malo 12 kapena 14 pomwe buku limatseguka masamba awiri kuyang'anizana. Mawu onse asapitirire 500, ndipo a ana a mkaka amachepa kwambiri kuposa pamenepo. Musanapite patali, tengani mapepala 8 a A4, muwapinde pakati, muwasoke ndi ulusi. Masamba 32 aja ndi amenewo. Dulani nthano yanu ndi sizasi, mumate chiganizo chilichonse patsamba pomwe chikuyenera kukhala. Pamenepo muona nokha pomwe mwathithikiza mawu ndi pomwe palibe choti wojambula ajambule.

Kabuku kosokaka kamaphunzitsanso chinthu chomwe kope silingakuonetseni: kutembenuza tsamba. Tinene kuti kamtsikana katumidwa ndi agogo ake kunyamula dengu lovindikira kupita nalo kwa azakhali ku Zolozolo, ndipo auzidwa kuti asatsegule. Panjira dengu likugwedezeka. Pansi pa tsamba la kumanja lembani kuti, "Anatsegula pang'ono, nasuzumira." Basi, lekerani pomwepo. Tambala amene ali m'dengumo atulukire kuseri kwa tsamba, mapiko ali tambasu. Kanthawi kamene dzanja la wowerenga likutembenuza pepala, ana amakhala atagwira mpweya, ena ayamba kale kukuwa kuti ndi njoka, ena kuti ndi mphaka. Mukaika funso ndi yankho patsamba limodzi, chisangalalo chonsecho mwachitaya.

Musalembe zomwe chithunzi chinena chokha. Ngati wojambula aonetsa kamtsikana katavala diresi yofiira, opanda nsapato, kumapazi kuli matope, inu simufunikanso kutchula. Chokoma koposa ndi pamene mawu akunena china, chithunzi chikuulula china. Mawu akuti, "Amayi anafunafuna tambala m'nyumba monse, osamupeza," pomwe chithunzi chikuonetsa nthenga za kumchira zikusuzumira pansi pa bedi. Ndaona ana akudzuka pamkeka kukaloza ndi chala pabuku, akukuwira amayi a m'chithunzi kuti, "Uyo ali pansi apo!" Mwana amene sadziwa ngakhale chilembo chimodzi wawerenga pamenepo, ndipo wadziwa chinthu chomwe wamkulu wa m'nthano sakuchidziwa.

Ifetu tili ndi mwayi, pakuti luso limeneli tinakulira nalo. Agogo akati "Padangokhala," ife timati "Tilitonse," ndipo pakati pa nthano pamabwera kanyimbo kobwerezabwereza kamene aliyense amavomera. Anzathu a Chitumbuka ali nazo m'nthano zawo zotchedwa vidokoni. Ikani kachiganizo kamodzi kobwerera katatu kapena kanayi m'buku lanu, kuti pofika kachitatu ana azikanena okha. Musaope mawu ngati phi, chubwi, zii, balamanthu. Pakamwa pa mwana amakoma, ndipo liwu limodzi lotere limagwira ntchito ya chiganizo chathunthu.

Chimene ndikupempha kwambiri n'chakuti musamalize ndi "Phunziro la nthanoyi ndi lakuti..." Ambiri a ife tinazolowera kutero chifukwa cha mafunso a kusukulu. Koma ndikawerenga tsamba lotero ana amakhala atayamba kale kutsinana ndi kuyang'ana panja. Tambala akathawa, kamtsikana n'kufika kwa azakhali ndi dengu lopanda kanthu, mwana wamva zonse. Musiyeni afunse yekha.

Mukamaliza, kawerengereni ana mokweza, koma asakhale anu okha, chifukwa anu adzamvetsera pokukondani. Pemphani mphunzitsi wa sukulu ya mkaka ya m'dera lanu akupatseni mphindi khumi. Muziyang'ana nkhope zawo. Pomwe ayamba kusewera ndi zala za kumapazi, chongani ndi pensulo, mukafupikitse. Pomwe lilime lanu lapunthwa, chiganizocho chikufunika kukonzedwa. Akati "Bwerezaninso," dziwani kuti mwagwira kanthu.

Ena amati, "Ine sindidziwa kujambula." Mutu umodzi susenza denga. Mumzinda muno muli anyamata ndi atsikana aluso amene amajambula zikwangwani za malo ometera tsitsi ndi zipupa za magolosale. Akhoza kujambula nkhope yooneka yokwiya kapena yodabwa, ndipo buku la ana limafuna zomwezo. Kakambiraneni nawo. Chinthu chimodzi choti muwayese nacho ndi ichi: ajambule mwana yemweyo kangapo, akuthamanga, akulira, ali chogona, n'kumaonekabe kuti ndi yemweyo. Mugwirizane za malipiro polemba, ndipo dzina lake likhale pachikuto pamodzi ndi lanu, pakuti theka la nthano wanena ndi iye. Za umwini wa ntchito yanu mukhoza kufunsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi aluso ena. Ku South Africa kuli bungwe la Book Dash lomwe limasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba n'kupanga buku lathunthu m'maola 12. Mabuku awo, komanso a African Storybook, amawerengedwa ulere pa intaneti ngakhale pafoni. Awerengeni ambiri, muziwerenga mawu a patsamba lililonse ndi kuona pomwe akutembenuzira.

Za chilankhulo, ana anga ambiri kunyumba amalankhula Chitumbuka, posewera amasakaniza ndi Chichewa. Ine ndingakonde kuona mabuku okhala ndi zilankhulo zonse ziwiri patsamba limodzi, kuti agogo awerenge mzere wawo, mdzukulu atsatire winawo. Poti mawu ndi ochepa, malo amakwana. Chachikulu n'kupeza munthu wodziwa kalembedwe koyenera akuonereni, chifukwa mwana amaloweza zomwe waona m'buku.

Osindikiza akachedwa kuyankha kapena akakana, musataye mtima. Ambiri amadalira mabuku a m'kalasi kuti apeze ndalama, ndiye kukana kwawo sikutanthauza kuti nthano yanu njoipa. Pangani mafotokope ochepa, muwasoke bwino, mupereke kusukulu ya mkaka, ku Sande sukulu ndi ku laibulale ya National Library Service m'tauni muno. Lowani nawo m'gulu la Malawi Writers Union kuti mudziwane ndi anzanu, kapena ingopezani anthu atatu anayi oti muziwerengerana Loweruka masana.

Ndipo kwa inu Akonzi, ndikupempha theka la tsamba kamodzi pamwezi, muziikapo kanthano kafupi ka ana ndi zithunzi zake zinayi kapena zisanu, kochokera kwa owerenga anu. Mudzaike zilembo zikuluzikulu. Ife aphunzitsi tidzadula tsambalo, tidzalimata pakatoni kuti lisang'ambike, ndipo Lolemba m'mawa tidzawerengera ana.

Ndine,
Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka,
Chibavi, Mzuzu