Kalata yotseguka kwa Olemekezeka Phungu wa dera lathu kuno ku Mulanje

Olemekezeka,

Ndakulemberani kawiri, ndipo nditafika pakhomo panu anandiuza kuti muli ku Lilongwe. Pepani, lero ndalemba poyera.

Mlongo wanga wa zaka 34 ankathyola tiyi. Lero sangathe kunjuta pachimbudzi. Tinachita kumukhomera mpando wobowola pakati, ndipo m'mawa uliwonse ine ndi alamu anga timamugwira m'khwapa uku ndi uku, iye ataluma mano kuti ana asamve kubuula kwa bambo awo. Munthu woti ankakwera mitunda ya m'munda wa tiyi dengu lodzaza lili kumsana!

Adokotala akuti ndi avascular necrosis. Magazi analeka kufika kumutu kwa fupa la ntchafu, pomwe limalowa m'chiuno, ndiye fupalo likufa n'kumaphwanyika pang'onopang'ono. Akuti chinayambitsa ndi prednisolone yemwe ankadzigulira yekha kwa zaka zambiri chifukwa cha mphumu. Mowa wambiri, sickle cell ndi HIV nazonso zimabweretsa nthendayi, choncho si ife tokha m'dera lanu lino.

Chimandiwawa n'chakuti pafupifupi chaka chathunthu ankangomupatsa panado ndi brufen, ati ndi nyamakazi. Brufenyo wamusiyira zilonda za m'mimba. X-ray imaonetsa nthendayi mochedwa, MRI (makina ena ojambula m'kati mwa thupi) ndiyo imaona msanga, koma kuti uipeze mpaka ku Blantyre. Kumeneko anatiuza za alendronate, piritsi lomwa kamodzi pa sabata, m'mawa usanadye kanthu, n'kukhala tsonga kwa mphindi 30. Anatiuza chilungamo kuti silidzutsa fupa lakufa, koma kwa ena limachepetsa ululu ndi kuchedwetsa kuphwanyika likayambidwa msanga. Kuchipatala chathu kulibe. Ndodo zoyendera tinachita kubwereka. Tsopano akuti kwatsala opaleshoni yoika chiuno chachitsulo.

Ndimakulemekezani, bwana, voti yanga ndinakupatsani. Koma kodi mwaiwala zija munanena pabwalo la sukulu nthawi ya kampeni, zoti wodwala wa kuno sadzagulitsanso mbuzi kuti akaonane ndi dokotala wa mafupa? Ife tagulitsa ziwiri, ndi njinga yomwe.

Pempho langa nali. Kaimirireni m'Nyumba ya Malamulo mufunse kuti mankhwala a alendronate azifika m'zipatala za m'maboma, ndipo prednisolone asamagulitsidwe popanda kalata ya dokotala. Komanso tipezereni galimoto yotengera odwala mafupa ku Blantyre, chifukwa mlongo wanga pa kabaza sangakhalenso.

Ndine,
Mlongo wa wodwala, ku Mulanje