Kwa kampani yotigulitsa intaneti: marauta anu mukuwasiya otsegula

Akuluakulu, talemba pagulu pano chifukwa nkhaniyi ikukhudza aliyense amene munamuikira rauta pakhomo, ndipo tikaimba ku ofesi yanu yankho limangokhala lakuti "zimitsani muyatsenso". Ntchito yathu ndi yolumikiza netiweki m'nyumba ndi m'mashopu, ndipo zomwe tikunenazi aliyense atha kuziyesa yekha.

Rauta imakhala ndi makiyi atatu: pasiwedi ya Wi-Fi, pasiwedi ya tsamba loyendetsera rautayo, komanso dzina ndi pasiwedi ya PPPoE yomwe rauta imalowera nayo ku seva zanu. Amisiri anu amasintha ya Wi-Fi yokha n'kumapita. Tengani foni yolumikizidwa pa Wi-Fi imeneyo, lembani 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1 pa browser, dzina admin, pasiwedi admin, basi mwalowa. Mlendo wongopempha Wi-Fi kuti atumize uthenga ndiye kuti mwamupatsa makiyi a nyumba yonse.

Ambiri amaopa kutha kwa bandulo, koma limenelo ndi vuto laling'ono. Wolowa pa tsambalo atha kusintha DNS, dongosolo lomwe limalozera adiresi yolembedwa ku tsamba lake, moti mwini nyumba akalemba adiresi ya banki yake, rauta imamulozera ku tsamba labodza lofanana nalo. Akangonyalanyaza chenjezo la browser, nambala yake yachinsinsi yapita. Wakubayo athanso kutsegula port forwarding, njira yofikira zipangizo za m'nyumba kuchokera kunja, n'kumaonera makamera a CCTV ali kwawo, kapena kuyatsa remote management, njira yoyendetsera rauta munthu ali kutali, kuti azilowabe ngakhale pasiwedi ya Wi-Fi itasinthidwa. Pa marauta ambiri akale, pasiwedi ya PPPoE yobisika ndi timadontho ija imaonekera poyera munthu akatsegula kodi ya tsambalo kapena fayilo ya backup.

Nanga PPPoE yanuyo? Dzina mumaika nambala ya akaunti, pasiwedi nambala ya foni ya kasitomala kapena 123456, kenako kutumiza pa WhatsApp kapena kulemba pa katoni ya rauta. Ngati akauntiyo simunaimangirire ku laini ya mwini wake, wina akhoza kuilowetsa mu rauta yake pa netiweki yanu yomweyo. Mwini wake azingoona intaneti ikudukaduka, bilu n'kumabwera kwa iye, ndipo choipa chilichonse chochitika pa akauntiyo chidzalembedwa m'dzina lake.

WPS, njira yolumikizira ku Wi-Fi ndi PIN kapena kabatani m'malo mwa pasiwedi, nayonso mumaisiya yoyaka, chonsecho vuto lake linadziwika mu 2011. PIN yake ndi ya manambala 8, koma rauta imayankha theka lililonse palokha ndipo nambala yomaliza ndi yongotsimikizira, choncho zoyesa sizipitirira 11,000. Pa rauta yosatseka munthu akalakwitsa kangapo, imeneyo ndi ntchito ya maola ochepa.

Izi si zongoopseza ayi. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi marauta ochuluka zedi pongoyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 kudzera pa Telnet, njira yakale yolamulira chipangizo munthu ali kutali, pa khomo la netiweki lotchedwa port 23. Mu Novembala chaka chomwecho mtundu wina wa Mirai unagwetsa marauta pafupifupi 900,000 a makasitomala a Deutsche Telekom ku Germany podzera pa port 7547, yomwe makampani a intaneti amayendetsera marauta ali kutali. Ku Britain, kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo likuletsa kugulitsa zipangizo zotere zili ndi pasiwedi yofanana kapena yosavuta kuilota.

Chomwe tikupempha sichifuna ndalama zambiri. Rauta iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake ya admin, ndipo izikakamiza kasitomala kuisintha akangolowa koyamba. Pasiwedi ya PPPoE ikhale ya zilembo zosakaniza zosachepera 12 ndipo imangiriridwe ku laini imodzi. Telnet ndi WPS zizibwera zozimitsa, port 7547 izilola seva zanu zokha, Wi-Fi ikhale pa chitetezo cha WPA2 kapena WPA3, ndipo firmware, pulogalamu yoyendetsa rautayo, muziikonza. Marauta omwe ali kale m'makomo musawaiwale: tumizani SMS yofotokoza mwatsatanetsatane, m'Chichewa, mmene munthu angasinthire.

Makasitomala anzathu, sinthani pasiwedi ya admin lero, zimitsani WPS, ndipo alendo muziwapatsa guest network, Wi-Fi yapadera ya alendo. Musadine kabatani ka reset musanalembe padera dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, chifukwa zimafufutika ndipo intaneti imaduka.

Akuluakulu, tiyankheni pompano ndipo mutchule tsiku lomwe muyambe kukonza. Mukakhala chete, dandauloli tipita nalo ku MACRA.