Zikomo kwa anamwino a kusikelo ya ana

Kwa Akuluakulu a Dipatimenti ya Zaumoyo,
Mzinda wa Johannesburg

Olemekezeka,

Ndine mayi wochokera ku Mulanje. Ndimakhala ku Rosettenville ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Ndalemba m'Chichewa chifukwa mawu ochokera pansi pa mtima amatuluka bwino m'chilankhulo chimene munthu anakula nacho. Mnzanga wa kutchalitchi walonjeza kuti akumasulirani.

Kwathu mwana woyamba saleredwa ndi mayi ake okha. Pamakhala agogo, azakhali ndi amayi a pamudzi oti akuuze kasambitsidwe kake ndi kaphikidwe ka phala lake. Kuno ku Joni ndinali ndi bambo ake okha m'chipinda chimodzi cha lendi. Pakati pataoneka ndinkaopa kupita kukiliniki poti ndinkamva kuti mlendo amamulipiritsa ndalama zambiri. Mayi wina wa kumvano ndiye anandilimbitsa mtima. Anati kuyambira 1994, nthawi ya Nelson Mandela, amayi oyembekezera ndi ana osafika zaka 6 amathandizidwa ulere, ndipo mu Epulo 2023 khothi lalikulu la konkuno linagamula kuti thandizoli ndi la aliyense, posayang'ana dziko limene wachokera. Ndinapita mtima uli m'mwamba, koma sindinatulutse ngakhale randi imodzi. Tsiku lomwelo anandilembetsa pa MomConnect, mauthenga a malangizo nkuyamba kubwera pafoni.

Nditachira anandipatsa buku la mwana lotchedwa Road to Health. Poyamba ndinkalitenga ngati kadi ya kusikelo ya kwathu, yongolembamo masiku a katemera: wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo atangobadwa, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14. Wa chikuku anandidabwitsa, chifukwa kuno woyamba amabaya pa miyezi 6 pamene kwathu timadikira miyezi 9. Anesi anafotokoza modekha mpaka ndinamvetsa.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe chinachitika mwana wanga wamkaziyu ali ndi miyezi 9. Ndinali nditabwerera kuntchito, ndikumusiya kwa mayi woyandikana nawo ndi kaphala kamadzimadzi m'botolo. Ine m'maso mwanga mwana anali bwinobwino, ankaseka, ankakwawa. Anesi atamuika pasikelo anatsegula tsamba la mzere wa kulemera kwake nandionetsa kuti kwa miyezi iwiri mzerewo sunakwere, unangogona. Anamuyeza mkono ndi katepi kamitundumitundu kaja. Misozi inalengeza, poti mayi aliyense wa kwathu amadziwa kumene kunyentchera kumayambira.

Sanandikalipire. Pamzere panali amayi ambiri, komabe anakhala nane pansi nafunsa chimene mwana amadya kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndiponso chimene kwathu timathira m'phala. Nditatchula nsinjiro anasangalala, anati ndizo zomwezo. Phala likhale lolimba loti lisamayoyoke pasupuni, ndithiremo chiponde, tsiku lina dzira, tsiku lina nyemba zopota kapena dzungu, adye kangapo pa tsiku, ndipo bere ndisamusiyitse, aziyamwa ndisanachoke ndi ndikaweruka. Zinali ngati ndikumva mawu a mayi anga ali pakhonde ku Mulanje, koma akuchokera pakamwa pa munthu amene sadziwa liwu limodzi la Chichewa. Anandionetsanso masamba amene ndinali ndisanawatsegule nkomwe, onena za kuyankhula ndi mwana, kumuimbira ndi kusewera naye, ndi ena a zizindikiro zoti ukaziona uthamangire kuchipatala osadikira kuti kuche. Kuchokera tsikulo bambo ake amamuimbira nyimbo za kwathu madzulo aliwonse.

Patatha mwezi mzere uja unadzuka. Pa miyezi 12 analandira katemera wachiwiri wa chikuku, vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Pano akuyenda, ndipo akumalanda supuni kuti adye yekha.

Ndikupempha kuti zikomo wangayu mumufikitse kwa anamwino a kukiliniki ya m'dera lathu, makamaka amene amakhala pasikelo ya ana. Tidzaonana nawo pa katemera wa miyezi 18, tsiku lake analemba kale m'buku.

Ine wanu,
Mayi wa ku Rosettenville