Za ngozi ya pa msewu wa ku Namwera

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa lanyanya moti ena tikugona pakhonde.

Mukumukumbukira mkulu uja amasoka nsapato pafupi ndi msika, woyenda pa chikuku uja? Sabata yatha anali m'minibasi yochokera ku Namwera, ndipo potsetsereka mapiri aja galimoto idaduka mabuleki n'kugwera kumbali. Palibe adamwalira, Mulungu ngwamkulu. Mkuluyu adavulala phewa, ndipo dzulo ndidakamuona kunyumba kwake.

Mukudziwa mmene zimakhalira pangozi kuno. Ambulansi isanafike, anthu amaimitsa galimoto iliyonse yodutsa, lole kaya matola, n'kumakwezamo ovulala. Akuti anyamata anali atamugwira kale, wina mikono wina miyendo, kuti amuponye kumbuyo kwa lole. Chikuku chake, chomwe kondakitala adachimangirira pamodzi ndi matumba a nyemba, chidali chagada m'tchire, palibe wochilabadira.

Adawaletsa ndi wapolisi wapamsewu, mayi. Adagwada pambali pake n'kumufunsa yekha mwiniwake kuti amunyamule bwanji. Mkuluyu adavulala msana kalekale ndipo miyendo yake siimva chilichonse, choncho fupa likhoza kuthyoka iye osadziwa. Komanso kugona pa chitsulo chotentha ulendo wonse kumabweretsa zilonda zomwe zimatenga miyezi kuti zipole. Mayiyo adaimitsa Sienta, imene ndi yaifupi ndipo chitseko chake n'chosereza, adauza dalaivala kuti agonetse mipando, ndipo adakana kuti galimoto inyamuke mpaka chikuku chitakwezedwa pamodzi ndi khushoni yake. Adachilembanso m'buku lake monga katundu woonongeka, zomwe zithandize popempha chipukuta misozi kwa a inshulansi.

Achimwene, pondifotokozera gawo la chikukuli mawu a mkuluyu amanjenjemera. Chikadatsala kutchire kuja, bwenzi m'mawa mwake matayala ali pa wilibala ya munthu. China akadachipeza kuti? Mabungwe othandiza anthu aulumali alipo, koma ofuna ndi ambiri ndipo kudikira kwake n'kwakutali. Nthawi yonseyo bwenzi ali chigonere m'nyumba, osapita kumsika, ana osadya.

Chikundisautsa n'chakuti zonsezi zidatheka chifukwa tsikulo kudali munthu wa mtima wabwino. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse m'dziko muno ali ndi ulumali. Lamulo loteteza anthu otere tidali nalo kuyambira 2012, ndipo mu 2024 kudabwera latsopano la anthu aulumali. Nanga n'chifukwa chiyani wapolisi aliyense wapamsewu asaphunzitsidwe zomwe adachita mayi uja? Sizilira ndalama zambiri ayi. Pa M3 ndi pa msewu wa ku Monkey Bay akabaza ndi maminibasi akuchulukirachulukira, ndipo anzathuwa amayenda m'misewu yomweyo.

Ndalankhula ndi a komiti yathu ya chitetezo cha m'mudzi kuti tilembe manambala a madalaivala okhala ndi galimoto zotha kunyamula munthu ndi chikuku chake, tikawasiye kupolisi. Awiri avomera kale.

Tayala lakumanzere la chikuku chija lidapindika ndipo lili kwa wowotcherera, koma ma beyaring'i a saizi yake sakupezeka pa boma pano. Ndikutumizirani chithunzi pa WhatsApp kuti mukayang'ane kumeneko, mudzapatsire aliyense wobwera pa basi. Mupereke moni kwa onse.

Ndine mnzanu,
wa ku Mangochi