Lipoti la msonkhano wa ku York: mabogi athu akudwalira kunsi

Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku York, ku msonkhano wa magulu okonda sitima zing'onozing'ono zofanizira zenizeni a kuno kumpoto kwa England, ndi mafunso awiri: mabogi onyamula anthu tingawapeze kuti pa mtengo woti thumba lathu n'kukwanitsa, nanga n'chifukwa chiyani amene tili nawo amangogwa akafika pa mphambano ya pafupi ndi siteshoni yathu ija. Yankho limene ndabwera nalo ndi limodzi pa mafunso onse awiri. Chaka chino tisagule bogi yatsopano. Ndalama tinasonkha zija ziyambe zapita ku mawilo ndi zolumikizira, zotsalazo tigulire mabogi akale oti tikonze tokha.

Ndikudziwa kuti ena mtima unali kale pa onyezimira aja tinkaona m'makatalogi. Ndiloleni ndifotokoze zimene ndinaona.

Chigawo chimene chinandipindulira kwambiri sichinali cha zokamba ayi, koma cha pa tebulo lokonzerapo. Pamenepo panali bambo ena achikulire ndi nyale yawo, timapulayazi ndi kabokosi ka mawilo. Ndinawapatsa mabogi athu awiri ovuta aja. Penti sanaiyang'ane n'komwe. Anangotembenuza yoyamba chagada, n'kutenga kachitsulo ka mkuwa koyezera mpata wa pakati pa mawilo awiri a pa ekiselo imodzi. Pa sikelo yathu ya OO, imene imachepetsa sitima yeniyeni pafupifupi ka 76, mpatawo uyenera kukhala 14.5 mm. Pa ekiselo yoyamba kachitsuloko kanakana kulowa. Pa ina kanalowa n'kumagwedera. Anandifotokozera kuti pa njanji yowongoka vuto lotere silioneka, koma pa mphambano limaonekera poyera: mawilo akapanikizana amakwera kanjanji kotsogolera kam'kati kaja, ndipo akatalikirana amagunda nsonga ya pamene njanji ziwiri zikudutsana. Anagwira wilo limodzi ndi zala, n'kulipotoza pang'onopang'ono mpaka kachitsulo kanalowa bwinobwino. Kenako ndi kamtengo kotokosera mano anapala mkombero wa wilo lililonse, ndipo panatuluka litsiro lakuda, lolimba, limene ife tinkayesa kuti ndi pulasitiki wa wilolo. Bogi ija ataikankha ndi chala inadutsa mphambano zawo zonse osagwedezeka.

Tsono mphambano yathu ija ilibe mlandu, ndipo maganizo oizula tiwasiye.

Mankhwala okhalitsa ndi mawilo achitsulo. Sasonkhanitsa litsiro msanga monga apulasitiki, amayenda mopepuka, ndiponso amaika kulemera pansi pamene kukufunika. Koma pogula pafunika maso. Mabogi ambiri a Mk1, mtundu wakale wa British Railways, amafuna mawilo a 14 mm, pamene a Mk2, mtundu wotsatira, amafuna a 12 mm. Ekiselo ya makampani ambiri ndi yotalika pafupifupi 26 mm, koma ya kampani ya Lima ndi yofupikirapo, choncho woitanitsa anene kuti ndi za Lima. Mawilo akale a makampani a Tri-ang ndi Lima ali ndi milomo yakuya. Pa njanji yathu ya code 100, yaitali msinkhu, ambiri amadutsa, koma tikadzasamukira ku code 75, yofupikirapo msinkhu, monga ena akufunira, azidzagunda timipando togwira njanji. Apa ndiye kuti kusintha mawilo sitingakuthawe.

Pa nkhani ya kulemera panali mtsutso ndithu. Bungwe la ku America la NMRA limalangiza kuti pa sikelo ya HO, yocheperako kuposa yathu, bogi ilemere aunsi imodzi, kuonjezapo theka la aunsi pa inchi iliyonse ya kutalika kwake. Bogi ya mainchi 10 ndiye kuti ifike pafupifupi magalamu 170. Ambiri m'chipindamo anati n'zolemera kwambiri kwa mitu ya sitima ya kuno, makamaka pokwera chitunda. Koma onse anagwirizana kuti mabogi a sitima imodzi azilemera mofanana, chifukwa yopepuka ikakhala pakati pa zolemera imakokedwera m'kati pokhota. Ine ndikuona kuti titenge bogi yathu yoyenda bwino kuposa zonse, tiiyeze pa sikelo ya kukhitchini, zinazo tizifikitse pamenepo. Zolemeretsa timate pansi, pakatikati. Ndipo poti ana amagwira mabogiwa, tigwiritse ntchito zitsulo, mtovu ayi.

Zolumikizira ndi vuto lathu lachiwiri. Tili ndi mbedza zazikulu zakale ndi zing'onozing'ono za masiku ano m'sitima imodzi, zina m'mwamba zina m'munsi, ndipo pobwerera m'mbuyo zimakwerana. Mabogi a masiku ano amakhala ndi kathumba kotchedwa NEM 362 komwe cholumikizira chimangosololedwa n'kulowetsa china. Akale alibe, koma timathumbato timagulitsidwa patokha ndipo timamatika. Anzathu ena anasamukira ku zolumikizira za Kadee, zimene zimamasuka ndi maginito. N'zokongola, koma kwa ife panopa n'zodula popanda chifukwa. Sitima ya anthu sitiidula kawirikawiri. Pakati pa mabogi tiike timipiringidzo tosamasuka, timene timachepetsanso mpata woipa uja wa pakati pa bogi ndi inzake, ndipo mbedza zitsale kumapeto kuwiri kokha.

Tsopano za kogula. Langizo la pafupifupi aliyense linali lakuti gulu longa lathu liyambe ndi Mk1. Mabogi enieni a mtunduwu British Railways inayamba kuwapanga mu 1951 ndipo anapangidwa ochuluka mpaka cha m'ma 1963. Tri-ang, Lima, Mainline, Replica, Hornby ndi Bachmann onse anapangapo timabogi take, n'chifukwa chake pa msika wa zakale sitisowa. Bogi yeniyeni ndi ya mafiti 64 ndi theka, ndipo pa 4 mm pa fiti iliyonse imatuluka 258 mm. Imeneyi imakhota bwino pa makona athu a 438 mm, kuyeza kuchokera pakati pa bwalo kufika pa njanji. Bogi ya mtundu watsopanoko wa Mk3 imapitirira pang'ono 300 mm ndipo pa makona amenewo imalendewera moonekeratu. Kona ya 371 mm ya kuseri kwa phiri ija ndiye tiichotse ndithu.

Sitolo ya Hattons, imene ambiri ankadalira pa zakale, inatseka mu 2024, koma misika ya m'maholo ikuchitikabe, ndipo eBay ilipo. Ine ndikonda msika wa m'holo chifukwa katundu umamugwira. Zabwino sizikhala pamwamba pa tebulo, zimakhala m'makatoni a pansi, mopanda mabokosi ake, momwe osonkhanitsa zakale safikamo. Ndinagwada pa katoni ina n'kuchita monga anandiphunzitsira: kuyang'ana bogi kuchokera kumapeto kuti ndione ngati thupi kapena denga lapindika, kuiika pa tebulo kuti mawilo onse asanu ndi atatu agunde pansi, ndi kuona mawindo ngati guluu sanawachititse khungu. Yopindika isiyeni ngakhale ikhale yaulere. Yosowa wilo, mbedza kapena bafa (kogundira ka kumapeto kwa bogi) tengani, ndipo pemphani kuti atsitse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinabwerako ndi mabogi atatu ofiirira, ndipo malisiti ndapereka kwa msungichuma.

Misampha ilipo iwiri. M'zaka za m'ma 1970 Lima inayamba yapanga sitima za ku Britain pa sikelo ya HO, ya 1:87, isanasamukire ku OO, ya 1:76. Zonse zimayenda pa njanji ya 16.5 mm, ndiye pa chithunzi cha pa intaneti n'zovuta kusiyanitsa, koma bogi ya HO ikaima pambali pa zathu imaoneka yonyentchera. Funsani kutalika musanalipire. Msampha wina ndi mabogi oyambirira a Tri-ang amene anafupikitsidwa dala.

Tisamagulenso chilichonse chimene chatikomera m'maso. Sitima ya anthu imafunika bogi yokhala ndi chipinda cha gadi, monga BSK, ndipo mitundu ya penti ili ndi nyengo zake: yofiira ndi kirimu inayamba, yofiirira yokhayokha inabwera mu 1956, ya buluu ndi imvi cha pakati pa zaka za m'ma 1960. Mutu wathu wa malasha ukugwirizana ndi ofiirira. BSK kumapeto onse awiri, CK (ya kalasi yoyamba ndi yachiwiri) imodzi ndi SK (ya kalasi yachiwiri) ziwiri pakati, sitima yakwana, ndipo pulatifomu yathu singalandire yoposa pamenepo.

Za kukongoletsa ndinena mwachidule, poti zibwere pambuyo. Mawindo olowa m'kati a mabogi akale amasinthika ndi ena olingana ndi khoma la kunja kwa bogi, monga a kampani ya South Eastern Finecast. Mipando ipakidwe penti, ndipo tianthu ta HO timakwana bwino m'kati kuposa ta OO. Ntchito imeneyi tiwapatse ana athu, aisangalala. Magetsi a m'kati adikire. Tsiku lina tidzapite ndi anawo ku Keighley, kumene sitima ya ku Oxenhope imakokabe ma Mk1 enieni, akaone okha mmene denga limadera ndi mwaye.

Pali funso lina limene akuluakulu athu anandinong'oneza ndisananyamuke: kodi sitingapange sitima ya kwathu, ya ku Limbe kudzera ku Balaka mpaka ku Nayuchi? Ndinalifunsa, ndipo linakopa anthu. Njanji ya ku Malawi ndi ya 1,067 mm, yofanana ndi ya ku South Africa, Zambia ndi Mozambique, pamene ya kuno ndi ya 1,435 mm. Pa sikelo ya OO njanji ya kwathu ikanakhala ya 14 mm. Njira zodziwika ndi ziwiri. Ina ndi sikelo ya 1:87 pa njanji ya 12 mm. Ina ndi ya 1:64 pa njanji ya 16.5 mm imene tili nayo kale, monga amachitira ambiri ku New Zealand, koma pamenepo pafupifupi chilichonse chimapangidwa pamanja. Njira yachidule ndi mabogi a South African Railways amene Lima inapanga pa HO, monga a sitima ya Trans-Karoo, oyenda pa njanji ya 16.5 mm. Sali ndendende ngati a kwathu, komabe akhoza kukhala poyambira. Ine loto limeneli ndikulifuna ndi mtima wonse, chifukwa ambiri mwa ana athu sitima ya kwathu sanaionepo. Koma lifunika manja ozolowera kudula, kumata ndi kupenta, ndipo manjawo tiwaphunzitsira pa ma Mk1 otchipawa. Pakali pano, aliyense wopita kumudzi atijambulireko mabogi kuchokera m'mbali ndi kumapeto, atapempha kaye chilolezo kwa a pa siteshoni.

Ndikupempha komiti ivomereze kugula kachitsulo koyezera ka 14.5 mm, mawilo achitsulo okwanira mabogi asanu oyamba, ndi paketi ya timathumba ta NEM. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi mabogi onse amene ali kunyumba, ngakhale othyoka, pamodzi ndi sikelo ya kukhitchini kwa amene ali nayo. Tidzayamba ndi kuyeza mawilo tisanayatse magetsi a njanji.