Mafilimu oopsa asamangopangidwa ndi anthu amodzimodzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mafilimu oopsa aja amaphatikiza tinkhani tingapo tatifupi mufilimu imodzi. Ine ndimawakonda zedi koma chimanditopetsa nchoti opanga ake nthawi zambiri amakhala azibambo achizungu, taonani V/H/S ya 2012, madailekitala onse amuna ndiye mkazi mmenemo ntchito yake kukuwa kapena kusanduka chilombo basi.

Chonsecho mtundu umenewu ndi umene uli ndi malo a aliyense poti kankhani kamodzi sikadya ndalama zambiri. Mu 1995 dailekitala wachikuda Rusty Cundieff anatulutsa Tales from the Hood, akufa akubwerera kudzalanga apolisi ankhanza ndi atsankho ku America, mantha ake enieni amenewo. Filimu ya XX ya 2017 anaipanga azimayi anayi.

Koma inandigwira mtima ndi Juju Stories ya ku Nigeria ya 2021, madailekitala atatu nkhani zitatu, ina ya kondaine, ina yoti ukatola ndalama pamsewu usanduka chilazi, eee ine mpaka pano ndikaona ndalama ili pansi ndimangoilambalala, maungu oopsezera a pa chikondwerero cha azungu cha Halloween sanandichititsepo zimenezo.

Wokonda mafilimu,
Zomba